Makolala Opindika

Ndakhala kapitawo m'chipinda chosokera mayunifolomu a sukulu kwa zaka zisanu ndi zinayi. Muli amayi khumi ndi awiri, aliyense pamakina ake. Malaya akatha, wosoka amalemba nambala yake ndi choko kunsi, mkati mwa mpendero, ndipo ine ndimayang'ana misoko asanapite kositidwa.

Chaka chatha kunabwera mayi watsopano. Tinkamutcha Wachipewa, poti chipewa chake chaubweya sichinkachoka kumutu ngakhale kutenthe bwanji. Tsiku loyamba anafika mochedwa, ndipo ndili mkati momuonetsa makina anandidula mawu.

"Ulusiwu mwaumanga kwambiri, uduka," anatero anthu onse akumva.

Unadukadi. Anzanga anabisa nkhope m'nsalu. Ine ndinamwetulira, koma mumtima ndinali nditamaliza naye: wamatama, waphuma, wosasamala.

Patapita miyezi iwiri masukulu anayamba kubweza malaya. Makolala anali opindika, nsonga ina yaitali kuposa inzake. Abwana anandiuza kuti ndipeze wolakwitsa. Sindinavutike. Malaya a nambala leveni, ya Wachipewa, ndinkapita nawo pawindo n'kuwatembenuza kawiri katatu, ndipo kanthu sikankasowa: apa ulusi wolendewera, apo batani lopendekeka. A enawo ndinkangowasisita ndi dzanja n'kuponya m'dengu. Pamapeto pake ndinalembera abwana kalata yoti mayiyu ntchito yamukanika.

Lamlungu masana ndinafotokozera mwana wanga wamkazi nkhaniyi tikutsuka mbale. Amaphunzira za kaganizidwe ka anthu kukoleji, ndipo anali patchuthi.

"Amayi, malaya obwezedwawo ali ndi nambala yake?"

"Choko chimafufutika posita."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti ndi iyeyo?"

"Ndili ndi maso, iwe."

"Aphunzitsi athu amati munthu akagamula mlandu tsiku loyamba, masiku otsatirawo amangotola mboni zomuvomereza. Zomutsutsa amazidutsa osaziona, ndipo sachita dala."

"Ndiye kusukuluko akukuphunzitsa kuzenga amako?"

Anaseka. "Ingondilolani ndibwere mawa."

Anabwera nthawi yopuma, osoka atatuluka kukadya. Anatenga malaya makumi anayi osasita, n'kupinda mpendero uliwonse ndi kuubaya phini kuti nambala isaoneke, kenako anawasakaniza patebulo. Ndinayang'ana onse pawindo, amodziamodzi. Ndinapatula asanu ndi awiri a makolala opindika.

Oyamba kuchotsa phini anali a nambala leveni. Mtima wanga unakondwa, sindibisa.

"Waona?" ndinatero.

Mwanayo anachotsa mapini enawo. Amodzi anali a nambala eyiti. Asanu otsalawo anali a nambala firii.

Nambala firii ndi ya Mayi a Mapasa. Tinayamba ntchito sabata imodzi, ndipo amuna anga atamwalira iwo ndi amene anagona kwathu mwezi wathunthu. Malaya awo ndinali ndisanapite nawo pawindo kwa zaka sindikudziwa zingati. Ndinayamba kunena kuti mwina nsalu yake inali yoterera, mwina makina awo akufuna mafuta. Mwana wanga anangondiyang'ana, ine n'kusiya.

Mawa lake ndinakhala pakona ngati ndikuwerenga mabatani. Ndinaona Mayi a Mapasa akulimbana ndi singano, akuphonya bowo kanayi konse. Wachipewa ananyamuka ngati akukatenga sizasi, anawerama n'kuwalowetsera ulusi. Pobwerera anatola malaya atatu m'dengu lawo, anamasula makolala n'kuwasokanso pamakina ake. Ndiye chifukwa chake ntchito yakeyake ankaithamangira. Zonsezi zinkachitika mapazi khumi kuchokera patebulo langa.

Poweruka ndinawapeza Mayi a Mapasa pampopi akusamba m'manja.

"Asisi, masowa ayamba liti?"

Anatseka mpopi pang'onopang'ono. "Chaka chino chonse. Ndimaona ngati muli utsi. Ndimaopa kuti abwana akamva andiuza kuti ndikapume."

"Bwanji osandiuza ine?"

"Tsiku lililonse mumati manja anga ndi agolide. Ndikanayambira pati?"

Lachinayi ndinawaperekeza kwa dokotala wa maso. Anati ndi ng'ala, ndipo ichotsedwa. Podikira opareshoni ndinawasamutsira kutebulo lopindira malaya. Sanakondwe nazo, sabata yonse ankandiyankha ndi mutu, koma ntchito sinawathere.

Kalata yanga abwana anali asanaisayine. Ndinawauza zoona zake, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundibwezera.

Chovuta chinali Wachipewa. Ndinazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinamupeza yekha akupukuta makina.

"Ndinakulakwirani," ndinatero. "Ndinkafuna mundichokere muno. Ndinalemba ndi kalata yomwe."

Sanadabwe. "Ndinkadziwa. Munthu amamva akamayang'anidwa kumsana." Anapinda kansanza kake. "Nanenso ndinauza amuna anga tsiku loyamba lomwelo kuti kapitawo wathu ndi nkhanza zokhazokha. Mukandipatsa moni ndinkati mukundinyoza."

"Nanga pano?"

Sanathamangire kundisangalatsa.

"Pano sindikudziwa," anatero. "Ndipatseni nthawi ndikuoneni bwinobwino."