Nsapato ya Kumanzere

Pachipatala chachikulu cha m'tauni muja anthu saima pamzere, zimaima ndi nsapato. Ukafika m'mawa umavula imodzi n'kuiika kumbuyo kwa ya mnzako, iwe n'kukakhala pakhonde kumayasamula. Lamulo lake ndi limodzi basi: nsapato ikafika pakhomo mwini wake palibe, amaikankhira kumapeto, ndipo mlandu umenewu ulibe apilo.

Mayi Wailesi ankalidziwa bwino lamuloli. Dzina limeneli anawapatsa ndi makasitomala awo, chifukwa akayamba kuluka munthu tsitsi pakamwa sipatseka, ndipo pozimitsira pake palibe anapapezapo. Mwezi uliwonse ankapita pamzerepo kukawatengera amuna awo mankhwala a shuga, koma yawo sankavula. Ankatulutsa m'chikwama nsapato ya kumanzere ya amuna awo, yofiirira, yachikopa chenicheni, yonyezimira moti nsapato zinzake zinkachita manyazi.

Amuna awowo, a Dalaivala, anayendetsa basi moyo wawo wonse osagunda ngakhale nkhuku. Chaka china mankhwala anasowa kuchipatala kwa miyezi, kachilonda kapaphazi kanakula, mwendo wa kumanzere n'kudulidwa. "Wopondera kilatchi," ankatero okha, koma osaseka. Nsapato zawo zonse za kumanzere anampatsa bambo wina amene anagona naye wodi imodzi, yemwe anadulidwa wa kumanja. Anangosunga yofiirirayo, ndipo Lamlungu lililonse ankazipolisha zonse ziwiri. Chibwerereni kuchipatala sanatulukepo pageti. Munthu amene tauni yonse inkamuimika ndi dzanja sankafuna kuti tauniyo imuone akudumphira pandodo.

Tsono pachala chachikulu cha phazi lotsalalo panali patatuluka kachilonda kena. A Nesi anali atawauza kale mayi Wailesi mosapita m'mbali: "Mayi, nsapato sitingaiyeze shuga. Ulendo wina mubwere ndi mwini wake." Mayi Wailesi anapempha, anakalipa, analira, anafika mpaka pokhala chete tsiku lathunthu, chinthu chimene chinaopsa ngakhale oyandikana nawo nyumba. A Dalaivala yankho linali lomwelo: "Ipite nsapato. Ine ndiye ayi." Mayiwo mantha anali atawagwira zenizeni, poti kachilonda koyamba kaja kanayambanso chomwechi.

Gulu la Pamzere linabadwira pakhonde lachipatala lomwelo, pakati pa anthu ovala nsapato imodziimodzi. Zofuna zake sizinali zambiri: lamulo loti mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi azipezeka pazipatala zing'onozing'ono za m'madera, komanso kuti odwala matenda okhalitsa azipatsidwa tsiku ndi nthawi yawo. Wapampando anali a Phunzitsi, bambo wopuma pantchito amene chiganizo chake chimodzi ukhoza kuchapa mbale n'kubwerera chisanathe. Koma wokopa anthu anali mayi Wailesi. Njira yawo inali yosavuta. Ankayamba kuluka mbali imodzi ya mutu, n'kuima, n'kuyamba kufotokoza za lamulolo.

"Ndiye mukuti bwanji, achemwali, mulowa gulu?"

"Ndikaganize kaye."

"Ganizani, ine ndikupumitsako zala."

Mkazi wake uti angatuluke mumsewu mutu uli theka? Gululo linakula msanga.

Kenako kunamveka kuti komiti ya aphungu ikubwera kuholo ya m'tauni kudzamva maganizo a anthu pa lamulo lomwelo. A Phunzitsi anasita jekete. Atapita kukafunsa, anauzidwa kuti olowa ndi okhawo olandira makadi oitanira, ndipo makadiwo anapita kwa mabwana a mabungwe. Anabwerera kumsonkhano wa gulu, umene unkachitikira m'kasaluni ka mayi Wailesi pakati pa zipeso ndi mabotolo a mafuta, nkhope ili gwa.

"Tikagwire zikwangwani," anatero wina.

"Tikaimbe," anatero wina.

"Inu, kuimba kwake mpweya uti? Theka la ife tikakwera masitepe tikhala pansi," anatero mayi Wailesi. "Tikachite chimene timachidziwa. Tikaime pamzere."

Madzulo anawauza amuna awo, nkhaniyo ataipaka mafuta bwinobwino. A Dalaivala anaika bulashi yopolishira nsapato pansi.

"Kuchipatala ndinalola. Koma nsapato yanga siichita nawo zandale. Tauni yonse ikuidziwa nsapato imeneyi. Mukufuna azikati a Dalaivala ayamba kupemphetsa pamaso pa aphungu?"

"Chabwino, bambo," anatero mayi Wailesi mwaulemu wokayikitsa.

Atatuluka anapita kwa mlamu wawo, mng'ono wa a Dalaivala, wowotcherera zitsulo, amene anapanga ndodo ziwiri zija za mapaipi a bedi zimene zinkangochita dzimbiri kuseri kwa chitseko.

"Alamu, mawa mukadutse kunyumba ndi njinga yanu. Mukangowafunsa akulu anu kuti nsapato yawo ikutani kuholo."

"Alamu, mukufuna ndife ine? Munthu uja akandimenya ndi ndodo zija, ndinazipanga zolemera."

"Mukafa ndidzakulukani tsitsi ulere."

"Ine wadazi?"

"Ndiye sindiluza kanthu."

M'mawa mwake, aphungu asanafike, pakhomo la holo panali patayamba kale mzere. Unatsika masitepe, unadutsa pamalo oimika magalimoto, unakhota pageti n'kulowera mumsewu. Panali masilipasi omangidwa ndi waya, magambutsi, nsapato zakutchalitchi, ya gogoda imodzi yofiira imene mwini wake anakana kudziulula, ndi kansapato ka mwana kolira ukakaponda. Eni ake anakhala m'mphepete mwa khoma, phazi limodzi lili pamtunda, ali phee ngati sakudziwa kanthu. Patsogolo penipeni, mphuno itagunda chitseko, panali yofiirira ija.

Mlonda anabwera akuthamanga.

"Msonkhano wosaloledwa uwu! Balalikani!"

"Ife tangokhala, achimwene," anatero mayi Wailesi. "Ngati pali msonkhano, uzani nsapatozo."

Mlonda anaziyang'ana nsapatozo, anakanda m'mutu, n'kupita kukafunsa akuluakulu ngati lamulo limanenapo za nsapato.

Magalimoto a aphungu anasowa poima. Olemekezeka anatsikira panja pageti n'kumayenda modumphadumpha, poti kuponda nsapato ya munthu wakuvotera pamaso pa atolankhani si nzeru. Wapampando wa komitiyo, mayi wamagalasi wosaoneka kuti amaseka kawirikawiri, anaima pamasitepe n'kufunsa tanthauzo la zimenezi. A Phunzitsi anatsokomola, n'kuyamba ndi mbiri ya zaumoyo kuyambira kalekale, koma mayi Wailesi anawadula.

"Ndi mzere, olemekezeka. Kuchipatala timaima chomwechi. Tamva kuti lero kuno kukuperekedwa mankhwala a vuto lathu."

Mayi wamagalasiyo anayang'ana mzerewo mpaka kumene unathera, n'kuyang'ananso atolankhani.

"Chabwino. Timva mmodzi. Woyamba pamzere." Anawerama n'kunyamula yofiirirayo. "Mwini nsapato iyi ndani?"

Apa Wailesi inazima. Mayi Wailesi anayang'ana kugeti, kunalibe njinga. Anthu a Pamzere anayamba kung'ung'udza, chifukwa lamulo ndi lamulo ngakhale kuholo, ndipo mwini wa gambutsi yachiwiri anali atayamba kale kukonza kolala. Mayi Wailesi mtima unawawa. Za aphungu anali ataziiwala. Ankangoganiza kuti ngati mkwiyo walephera kumutulutsa munthu uja m'nyumba, ndiye chotsala n'chiyani?

"Ndikufunsanso. Mwini wake alipo?"

Kumsewu kunamveka belu la njinga, kenako phokoso la zitsulo ngati wina wagwetsa bedi. Mlamu uja anatulukira thukuta lili kamukamu, dazi likuwala, ndipo pakaliyala panali a Dalaivala, atavala malaya awo oyera a pantchito, ndodo atazipingasa pamiyendo, nkhope ngati mvula ikubwera.

"Amayi! Ndinati chiyani ine za nsapato yanga?"

"A Dalaivala!" anafuula wina kukhoma kuja. "Ee, a Dalaivala omwe aja!" Anthu anayamba kuimirira ndi phazi limodzilimodzi, ena akukweza dzanja ngati akuimika basi. "Siteji, a Dalaivala! Nditsika pamsika!" Bamboyo anaiwala zokalipa. Anatsika panjinga, n'kuyenda m'mbali mwa mzerewo, ndodo zikuti gwe, gwe, anthu akuwapatsa moni mbali zonse. Palibe amene anayang'ana kumbali.

Mayi wamagalasi uja anali pamwamba pa masitepe, ndipo gulu la anthu linkamutchinga. Anangomva kuti mwini wake wafika.

"Bwerani, bambo. Valani nsapato yanu tilowe."

Anthu anapatuka, mayiyo n'kuona kuti mwendo wa kumanzere palibe. Kansapato ka mwana kaja kanalira penapake.

"Pepani, bambo, sindinaone," anatero mayiyo.

"Palibe kanthu, mayi," anatero a Dalaivala. "Phazi lake linatha likudikira pamzere ngati uwu. Nsapato yokha ndi imene inapirira." Anapuma pang'ono, n'kuloza pansi ndi ndodo. "Ine zolankhula sindidziwa, wolankhula kwathu ndi uyo wandibera nsapatoyu. Koma iyi ya kumanjayi ndimaikonda. Ndikufuna ndizivalabe."

Aphungu anawalowetsa, ndipo poti a Dalaivala sakanakwera masitepe okha, anawathandiza ndi anthu anayi, amene anafunikanso owaperekeza, mpaka holo inadzaza ndi anthu opanda makadi. A Phunzitsi analankhula ndithu, ndipo mwa chisomo chiganizo chawo chinatha. Za lamulolo aphungu anati akaliona, monga amanenera aphungu. Potuluka, mayi wamagalasi anawapatsira a Dalaivala nsapato yawo, koma iwo anaibweza.

"Ipite nanu kumene mukupitako. Mukaiike pakhomo pamene mumakambiranapo. Imadziwa kudikira, koma musaikankhire kumapeto."

Pobwerera a Dalaivala anakana njinga mpaka pakona, ati afuna aone mmene msewu anauwonongera madalaivala a masiku ano. Mayi Wailesi ankayenda pambali pawo, chikwama chili pululu, akudikira kukalipiridwa. Kukalipako sikunabwere, ndiye anayamba okha.

"Nanga mwapereka nsapato ija, bambo. Mawa ndi tsiku la mankhwala. Pamzere ndikaika chiyani ine?"

A Dalaivala anaima, anakonza ndodo m'khwapa, n'kuyang'ana phazi lawo lotsalalo kwa kanthawi.

"Mukandiike ineyo," anatero.