Giyabokosi Sakokera ndi Mabawuti

Mpata wa pakati pa injini ndi giyabokosi unali wongolowa chala chimodzi, koma unamuimitsa mutu Lazalo kuyambira m'mawa. Injini ya galimoto ya bwana anali ataimasula yonse n'kuimanganso bwinobwino. Chimene chinatsala chinali kuilumikiza ndi giyabokosi, koma ziwirizo zinkakana kukumana.

Lazalo anali makaniko pa famu ina ya fodya ku Tengwe. Anachoka kwawo ku Dedza kalekale, ndipo mathirakitala ndi malole a pafamupo ankawadziwa kunja ndi m'kati. Koma galimoto iyi, imene bwana anaigula mu 1958, inali ya mtundu wina. Inalibe kalachi, inkasintha yokha magiya. Bwana anali atanenetsa kuti ikapanda kuyenda pofika tsiku lopita ku msika wa fodya ku Halale, apeza makaniko wina. Ndipo pafamu ntchito ikatha, nyumba ya ku komboni nayonso yatha.

Masana mkazi wake Esnat anabwera ndi chakudya.

"Bambo a Jenifa, bwanji osafunsa a Custodio? Paja amati anagwirapo ntchito pa galaja ku Halale."

"Amati! Anamuona ndani? Munthu wa galaja weniweni angasiye tauni kudzayendetsa thirakitala kutchire kuno? Akufuna malo anga ameneyo. Dzulo ndinamuona akuzungulira galimotoyi, lero zitsulo zikukana. Iwe sukuonapo kanthu?"

"Ndikuona munthu amene sanadye," anayankha Esnat.

Lazalo sanaseke. Anatenga mabawuti aatali, nawalowetsa m'mabowo. Anaganiza zokoka giyabokosiyo ndi sipanala mpaka mpata utsekeke, monga ankachitira nthawi zina ndi malole okalamba. Asanapotokole n'komwe, mawu anamveka pakhomo.

"Shamwari, mnzanga, siyani! Mukuphatu galimoto!"

Anali Custodio yemweyo, mwamuna wa ku Tete, wolongolola, amene anali atangofika kumene pafamupo.

"Wakuitanani ndani?" anafunsa Lazalo.

"Palibe. Ndimadutsa. Kodi konveta mwaimanga kuti?"

Konveta ndi chimphika chachitsulo chokhalamo oyilo, chimene chimagwira ntchito m'malo mwa kalachi.

"Ku injini. Kalachi timamanga kuti?"

"Apo ndiye palakwika. Iyi si kalachi, achimwene. Imayamba yalowa mu giyabokosi. Masulani."

Lazalo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndadziwa. Mukufuna ndimasule zonse, nthawi ithe, bwana akupatseni sipanala yanga."

Custodio anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ine ndizinunkhanso girizi? Akazi anga angandigoneke panja! Chabwino, tichite chonchi." Anakhala pa diramu, napinda manja m'khwapa. "Sindikhudza kanthu. Amayi a Jenifa akhale mboni. Zikakanika, mukanene kwa bwana kuti wolakwa ndine."

Munthu wodzipereka yekha chonchi ankamukayikitsa kwambiri Lazalo. Esnat anayandikira nalankhula motsitsa.

"Kumasula sikuswa kanthu, bambo. Koma mukakoka n'kuswa, tidzalowera kuti ndi anawa?"

Lazalo anachotsa mabawutiwo. Anabweza giyabokosi m'mbuyo, namasula konveta, diso limodzi lili pa manja a Custodio.

Custodio anati, "Thiranimo oyilo pang'ono, mupakenso pakhosi pakepo. Tsopano ilowetseni pa chitsulo chotulukira kutsogolo kwa giyabokosi. Muzizunguza uku mukukankha mofatsa."

Lazalo anazunguza. Konveta inalowa, khu!

"Yatha," anatero.

"Mwafulumira ngati mlendo woona nyama. Zunguzanibe."

Anazunguzanso. Inalowanso pang'ono, kenako inamira m'kati ndithu, mpaka zala zake sizinathenso kulowa kumbuyo kwake. Lazalo anadzidzimuka. Sanadziwe kuti munali malo ochuluka chotero.

"Khosi limenelo lili ndi mipata imene imakola pampu ya oyilo m'katimo," anafotokoza Custodio. "Likapanda kukola, limangogunda pampuyo. Ndicho chinkakutsekerezani. Mukadakoka ndi mabawuti, pampu ikadasweka mwakachetechete. Injini ikadalira bwino, inu n'kusangalala, koma galimoto osasuntha."

"Nanga ngati mukundinamiza?"

"Kankhani ndi manja, muone nokha."

Lazalo anakweza giyabokosi ndi jeke, naikankha ndi manja okha. Inatsetsereka n'kukakhudzana ndi injini mbali zonse, osasiya mpata ngakhale wolowa tsitsi. Esnat anaomba m'manja.

"Musanamange konveta, ikhudzeni ndi chala," anatero Custodio. "Izizungulira momasuka, ndipo pakhale kampata pakati pa iyo ndi mbale yachitsulo ya injini imene muimangirepo. Ikakhala yothina, ndiye kuti china chalakwika, yambiraninso."

Inazungulira momasuka. Lazalo anaikokera ku mbaleyo, namanga mabawuti ake mosinthanasinthana. Anatsuka mapaipi a oyilo, nathira oyilo woyenera mpaka pa mzere. Ataliza injini n'kuika giya, galimoto inanjenjemera pang'ono, kenako inayamba kuyenda. Anaiyendetsa pa msewu wopita ku Karoi, akumvetsera magiya akusintha okha bwinobwino.

Bwana anapita ku msika wa fodya ndi galimoto yake, ndipo nkhani ya makaniko wina sanaitchulenso. Lamlungu potuluka m'tchalitchi, Lazalo anayenda molunjika kwa Custodio, anthu onse akuona.

"Achimwene, ndinakuganizirani zoipa. Pepani. Mwapulumutsa banja langa."

"Munachita bwino kundiyang'anitsitsa," anayankha Custodio. "Koma tsiku lina muziyang'anitsitsanso chitsulo."

Phunziro lake ndi ili. Polumikiza giyabokosi yosintha yokha magiya ndi injini, yambani mwalowetsa konveta mu giyabokosi mpaka ikhazikike. Giyabokosi ndi injini zikumane pokankha ndi manja okha. Zikakana, imani, mufufuze chifukwa chake, ndipo musazikoke ndi mabawuti. Komanso mnzanu akakuchenjezani, ngakhale mukumukayikira, yesani mawu ake ndi maso anu musanawataye.