Miyendo Ikakana

Sepiso anali ndi lilime lakuthwa, ndipo amene ankalilawa kwambiri ndi mlongo wake wamkulu, Litia. Chiyambire tsiku limene njovu inapha atate awo pamsewu wopita kumathithi a Mosi-oa-Tunya, sanamutchulenso dzina. Litia analipo tsikulo, pafupi penipeni, koma anangoima njii atagwira njinga, osakuwa, osaponya ngakhale mwala. Anthu anachita kumukanganula zala pamahandulo. Ku Malota, komboni yawo, aliyense ankaidziwa nkhaniyo, ndipo Sepiso akamamupatsa Litia chakudya ankangotsetsereza mbale pansi, nkhope atayang'ana kumbali.

Kenako mtsikanayu analowa koleji n'kuyamba saikoloje, maphunziro ofufuza chifukwa chimene munthu amaganizira ndi kuchitira zimene amachita. Sabata yoyamba yomweyo mphunzitsi wawo, mayi Mwangelwa, anafika pa nkhani ya mantha.

"Munthu akaona choyofya, thupi siifunsa mwine wake," anatero mayiwo. "Wina amenya, wina athawa, wina angouma chabe. Si kuipa mtima. Ni thupi."

Sepiso anatsonya kalasi yonse ikumva. "Madamu, ngati ni batate banu bali pansi paja, mungaume? Awe, uyo ni munthu alibe chikondi."

Mayi Mwangelwa anamuyang'anitsitsa, n'kupitiriza phunziro.

Loweruka amayi ake anamutuma kukapereka ziboliboli kumsika wa kumathithi. Anatenga njinga ya Litia, poti mwini wake anali atasiyiratu kuikwera. Opalasa njinga pamsewu umenewu ali ndi kachitidwe kawo: akaona ndowe zaziwisi za njovu ndi nthambi zothyoka, amatsika n'kudikirana kuti adutse ali gulu. Sepiso anawapeza atakhala pamthunzi, dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe mwana, yembekeza. Zili pafupi," anatero bambo wina.

Koma mwana wouma mutu uja n'kumva? Anapalasa n'kuwapitirira, mumtima akuwaseka kuti amuna onsewo ndi a Litia okhaokha.

Atakhota pakona, tchire linathyoka kumanzere kwake. Choyamba kumufika chinali fungo, kenako njovu yeniyeniyo inatulukira pamsewu, makutu itatambasula, kamwana kali kuseri kwa miyendo yake. Sepiso anaponda pansi. Mantha amene anamugwira sanawamvepo chibadwire. Mutu unkamuuza bwinobwino kuti taya njinga, bwerera, kuwa, anthu aja ali pafupi. Miyendo inakana. Anatsegula pakamwa, koma panatuluka mpweya wokha.

Njovu inapukusa mutu, fumbi n'kuti kobo. Inasendera mpaka iye ankaona ntchentche m'mbali mwa diso lake. Mtima unkagunda m'makutu, mkodzo wofunda ukutsika m'miyendo, ndipo iye anangoti njii, akudikira kufa pamsewu womwe unadya atate ake.

Chinamupulumutsa ndi takisi imene inatulukira kumbuyo ikuliza hutala mosalekeza. Njovu inazengereza, inalira kamodzi mogonthetsa m'kutu, n'kukankhira mwana wake m'tchire.

"Yapita, mami, siyani njinga," anatero woyendetsa takisiyo. Sepiso anafuna kuisiya, koma zala sizinamve. Bamboyo anachita kuzikanganula chimodzichimodzi, ndipo apo m'pamene mtsikanayo anayamba kulira, chifukwa anakumbukira zala za munthu wina.

Atafika kunyumba anapeza Litia kuseri, pamalo pake pa masiku onse, akuyang'ana khoma. Sepiso anagwada pafupi naye.

"Ba Litia."

Litia anadzidzimuka kumva dzina lake. Anayang'ana siketi yonyowa, kenako zala zopindika zija.

"Njovu," anatero Sepiso. "Mendo yanakana."

"Na mawu yanakana?"

Sepiso anagwedeza mutu. Litia anatenga manja a mlongo wakeyo n'kuyamba kuwongola zala pang'onopang'ono.

"Ine ninakuwa, Sepiso," anatero motsitsa mawu. "Ninabaitana batate maningi. Manje palibe anamvela, olo ine mwine."