Ng'ona Yomwe Inadya Bambo Stanley

Kumalo osungira nyama komwe Aurélio ankagwira ntchito, kuseri kwa Canongola mumzinda wa Tete, kunali akamba anayi, anyani awiri akuba, nungu yomwe palibe anaiwonapo masana, ndi ng'ona imodzi. Tinene zoona, chimene anthu ankadzera ndi ng'onayo. Ankaitcha Deputado, dzina la aphungu a kunyumba ya malamulo, poti inkagona tsiku lonse kukamwa kuli yasa, n'kumadzuka pa nthawi ya chakudya yokha.

Aurélio ndiye ankatsogolera maphunziro a zachilengedwe pamalopo. Ana asukulu ankabwera mkati mwa sabata, akuluakulu Loweruka m'mawa, dzuwa la ku Tete lisanayambe kuwotcha anthu ubongo. Mkulu wa malowo anali atamuuza mosapsatira kuti Deputado akadzangofa, maphunziro atha, iyenso akafune ntchito kwina. Motero Aurélio ankaisamala ng'onayo kuposa thupi lake lomwe.

Koma Deputado anali ndi mbiri. Anamugwira mu Zambezi zaka zitatu zapitazo atadya bambo wina, dzina lake Stanley, yemwe ankasamba padoko. Nkhani imeneyi Aurélio sankaikhudza pophunzitsa. Iye ankangoti ng'ona imayeretsa mtsinje, imachotsa zowola, tiyeni tiilemekeze.

Loweruka lina kunabwera wophunzira watsopano, mayi wamfupi wojintcha, wogulitsa nyama ya mbuzi ku Chimadzi. Anthu ankawatcha Dona Argentina. Flora, wophunzira wakale yemwe nkhani sizinkamugona m'mimba, anamukokera Aurélio pambali.

"Aphunzitsi, mwawazindikira awo? Ndi akazi a malemu Stanley."

Aurélio anacheukira kudziwe la ng'ona. Dona Argentina anakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa dziwe, mutu atapendeketsa ngati munthu wotchera chinsinsi. Phunziro lisanafike pakati anakweza dzanja.

"Imadya kangati pa sabata?"

"Zimatengera, mayi."

"Nanga chimene chingaiphe n'chiyani?"

"Ukalamba."

"Basi?"

"Ukalamba basi, mayi."

Sabata yotsatira mafunso anali omwewo, mayankho omwewo. Aurélio anayamba kuwonda. Akadutsa pamsika n'kuwona timapepala ta mankhwala a makoswe, ankawerenga m'maganizo kuti tingati tingakwanire ng'ona yaikulu chonchija. Anakonzanso chikwangwani choletsa kuponyera nyama chakudya, zilembo zake zazikulu zoti ngakhale wodutsa pa njinga awerenge.

Loweruka lachitatu Dona Argentina anafika ndi phukusi lokulunga mu kapulana, chitenje cha kuno. Tsikulo phunziro linali la akamba, koma Aurélio analiphunzitsa ataima pakati pa mayiwo ndi dziwe la ng'ona, manja atatambasula ngati wotchinga mbuzi pachipata. Akambawo anali kutali, ophunzira ankachita kuwaganizira. Zikanamuyendera, koma nyani mmodzi anatulutsa dzanja m'khola n'kutsomphola magalasi a Flora. Flora anakuwa ngati wabedwa mwana, Aurélio anacheuka kamodzi kokha, ndipo kumbuyo kwake kunamveka kuti phava!

Deputado, yemwe sankasunthira munthu aliyense ngakhale alendo ochokera ku Maputo, anatsetsereka m'madzi, anakweza mutu, n'kumeza.

"Mwandipha, mayi!" Aurélio anakuwa, ulemu wonse wa uphunzitsi utagwera pansi. "Mwapha ine, osati ng'ona yokha! Mwaiponyera chiyani?"

"Mwendo wa mbuzi," anayankha Dona Argentina akupinda kapulana wawo. "Wam'mbuyo, wonona. Ndapha dzulo madzulo."

"Nanga mankhwala munathiramo otani?"

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mankhwala a chiyani? Masabata awiri ndakhala ndikufunsa chimene chimaipha kuti ndisailakwire, inu kumangoti ukalamba, ukalamba. Ndiye ndaopa ngakhale mchere."

"Komatu mayi, ng'ona iyi ndi imene ija..."

"Ndikudziwa zimene inachita." Anagwira khutu lawo lakumanja. "Mukuyesa ndimakhala kutsogolo chifukwa chokukondani? Khutu ili silimva. Stanley ameneyo, anandimenya ndi mpini wa khasu, tili ku Malawi kothawa nkhondo. Titabwerera kuno nkhondo ya boma inali itatha, ya m'nyumba mwanga ayi. Zaka trinta, aphunzitsi, makumi atatu athunthu. Ndinapita kwa ankhoswe, anati pirira. Kutchalitchi anati pirira. Alongo anga enieni anati za m'banja sitilowerera." Analoza m'dziwe ndi chibwano. "Uyu yekha ndi amene sanandiuze kuti pirira. Ndachita kuchedwa kudzathokoza."

Nyani uja anali akutafuna magalasi. Aurélio anagwidwa manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chenicheni. Masabata atatu anakhala akulondera ng'ona, osafunsako n'kamodzi komwe kuti mayi wa mutu wopendekayu chinamuchitikira n'chiyani.

Flora ndiye anayamba kulankhula, maso akutsinzinira posowa magalasi.

"Aphunzitsi, kodi m'kalasi muno amalola kubwera ndi abambo a kunyumba?"

Amayiwo anafa nacho chiseko. Abambo atatu a m'kalasimo anaseka nawo pang'ono, akusunthira kutali ndi mpanda. Koma Aurélio anawona kuti amayi awiri akumbuyo anaseka nthawi yaitali kuposa anzawo, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga za kapulana.

Deputado anali atabwerera kale pamchenga, kukamwa yasa, ngati sanachitepo kanthu chibadwire. Aurélio anayang'ana chikwangwani chake cha zilembo zazikulu chija. Kenako anazungulira, n'kukaima mbali ya khutu lomwe limamva.

"Imadya kamodzi pa sabata, mayi, Loweruka," anatero motsitsa mawu. "Koma muziduladula. Yakalamba, isadzatsamwidwe."