Mdzukulu pa Kansalu Kachikasu

Pensri anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti munthu wina amete mwana wake tsitsi lobadwa nalo. Mwezi wometera unadutsa, wina n'kudutsanso, tsitsi la kamnyamatako lili njoo ngati mbande za mpunga. Apongozi ake analankhula mpaka malovu kuuma. Iye yankho linali limodzi: adzameta ndi agogo ake.

Vuto linali loti agogowo, a Thongsuk, bambo ake a Pensri, amene anameta theka la amuna a m'tauni ya Roi Et, tsopano anali mmonke. Akazi awo atamwalira anatseka shopu, n'kukavala mkanjo kukachisi wa m'nkhalango. Aliyense ankawatchula Luang Pho, bambo wolemekezeka, ndipo Pensri zinkamuwawa kugawana bambo ake ndi chigawo chonse. Ulendo watha uja, ali woyembekezera, anamulandira ngati mlendo wodzafunsa njira. Ankaopa kuti mwana wake sadzakhala ndi agogo, koma mmonke basi.

Ulendo uno anapita ndi azakhali ake a Lamduan, mlongo wa a Thongsuk, mayi wosadziwa kunong'ona.

"Ukagwade bwinobwino," anatero azakhaliwo akutsika m'basi. "Inenso ndikagwada, ngakhale ndi munthu amene ankandibera nthochi."

Anawapeza a Thongsuk akusesa masamba, mutu uli mbee. Atakhala pakhonde la kanyumba kawo, amayi awiriwo anagwada katatu. A Thongsuk anayala kansalu kachikasu patsogolo pawo, atagwira nsonga imodzi, poti mkazi sapereka chinthu m'manja mwa mmonke, ngakhale akhale mwana wake womubereka. Pensri anaikapo mpunga womata ndi nkhuku yootcha, iwo n'kukoka kansaluko.

"Mwayenda bwanji, mayi?" anafunsa modekha.

Pensri anawayang'ana. Mayi ndani? Anayankha mwaulemu, misozi ili pafupi. Iwo anayamba kukamba za mvula, kenako za mtima wosakakamira zinthu. Koma maso awo ankangothawira pamutu pa mwana, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zinkatseguka n'kutsekeka pabondo.

"Luang Pho, zalazo zalumidwa ndi nyerere?" anafunsa a Lamduan.

"Zonse za m'dziko n'zakutha, mayi."

"Kupatula tsitsi ili. Ili ndiye likungokula."

Pensri anayang'ana uku ndi uku. Panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe woti alandire mwanayo n'kuwapatsira. Kansalu kaja kanali kakadali pansi. Sanaganize kawiri: anamugoneka pomwe panali nkhuku paja.

"Wapenga iwe?" anatero azakhali. "Chaikidwa pamenepo ndi cha kachisi. Amuna ako tikawauza chiyani?"

A Thongsuk anayang'ana pakansaluko. Mwanayo anaponda m'mwamba, n'kuwasekerera ndi nkhama zokhazokha.

"Mmonke sasankha chimene wapatsidwa," anatero pomaliza, nkhope ili yosaseka. Anakoka kansaluko pang'onopang'ono, n'kumunyamula. Koma kanyamulidwe kake sikanali ka mmonke. Chala chinapita pachibwano, mutu n'kuutembenuzira kumanzere, kenako kumanja, monga ankachitira ndi makasitomala.

"Koma anthu inu, mwana n'kumusiya chonchi? Makutu sakuoneka n'komwe."

Pensri anapisa m'chikwama n'kutulutsa sizasi yawo yakale ya kushopu, ya chogwirira chakuda, n'kuiika pakansalu. A Thongsuk anaitola, anailiza kawiri pafupi ndi khutu, nkhope n'kukwinyika.

"Kachule, wadulira chiyani sizasi yanga?"

Dzina limeneli anali asanalimve chilowereni iwo kukachisi. Anamupatsa ali wakhanda, chifukwa cha miyendo yake.

"Mapiko a nkhuku, ababa. Kamodzi kokha."

"Kamodzi kokha? Si ndinakuuza ine kuti iyi si ya kukhitchini? Iwe kusamva sudzasiya."

Pensri anaseka, misozi ikutsika, osaipukuta. Sanasangalalepo chonchi ndi kukalipiridwa. A Lamduan anayang'ana kumitengo, akuminira pampango.

"Ndiye kusakakamira zinthu kuja n'kumeneku?" anatero.

"Khala chete, Lamduan, ukundisokoneza."

Anameta mosathamanga, akuimba chapansipansi, tsitsi likugwera patsamba lomwe Pensri anabwera nalo. Atamaliza anamangirira kaulusi koyera padzanja la mwana n'kumudalitsa. Kenako anakumbukira kuti ndi mmonke, anakonza mkanjo paphewa, anamugonekanso pakansalu n'kumukankhira kwa mayi ake.

"Kachisi wakubwerekani mwanayu," anatero. "Koma tsitsi likamera mudzabwere naye. Kumbuyoku sindinalinganize bwino."

Ali m'basi, Pensri anatembenuza mwana n'kuyang'anitsitsa kunkhongo, khutu ili mpaka khutu linalo. Panalibe ndi tsitsi limodzi lomwe loposa linzake.