Muwanga wa ku Manda Akale

Enock anawapeza mayi Zulfa akupalira chimanga, ndipo anagwada mumzere momwemo.

"Chonde mayi, kanditsegulireni. Bambo anga amwalira dzulo, adzukulu akudikira ndi makasu m'manja."

Mayi Zulfa, mphunzitsi wopuma, ndiwo ankasunga kiyi wa kanyumba ka bungwe losunga mbiri ya dera, kuseri kwa msika wa Songani. Loweruka sankatsegula, koma maliro n'kulirana. Anapukuta manja pachitenje nanyamuka.

Chomwe chinamuthamangitsa Enock ndi mawu omaliza a malemuwo: "Mukandiike pafupi ndi amayi." Amayiwo anaikidwa mu 1958 kumanda akale a kwa Malemia, popanda mtanda, ndipo onse amene anathira dothi tsikulo anatsamira kale mkono. Okalamba otsala, aliyense ankaloza pakepake. Adzukulu anali atanena poyera kuti dzuwa likafika paliwombo akumba paliponse.

M'kanyumbamo munkanunkha mileme. Munali belu long'aluka, makasu osula, ndi zithunzi za amishoni zomwe chiswe chinadya ndevu. Enock anali asanalowemo chibadwire, poti ankati ndi malo a azungu ndi ana asukulu. Lero anaimamo ngati wodikira dokotala.

Mayi Zulfa anatulutsa m'bokosi kope la mkulu wa mpingo wina wakale, yemwe ankalemba za maliro onse. Chala chawo chinkatsika pang'onopang'ono mpaka Enock anafuna kulira.

"Agogo anu awa apa. Eluby, wochokera ku Mozambiki. Mapazi khumi ndi awiri kuchokera pamuwanga waukulu, kuloza kuphiri." Kenako anavula magalasi. "Pepani bambo. Muwanga uja anauba owotcha makala kalekale, chitsa chomwe anachikwirira. Anthu opanda chisoni."

Enock anakhala pansi. Sanali amakala. Anaudula ndi iyeyo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, anthu onse ali kutchalitchi, n'kuwotchera njerwa. Mphekesera ya amakala anaiyambitsa yekha. Bambo ake anadandaula mtengowo mpaka kudwala, iye n'kumawayankha kuti mtengo ndi mtengo basi. Nyumba imene munagona thupi lawo inali ya njerwa zomwezo.

Akanatha kubwerera n'kunena kuti kopelo silinathandize. Ndani akanadziwa? Koma manyazi anamugwira, mantha nawo osamusiya.

"Mwapenya chiyani, bambo?"

"Chitsacho ndikuchidziwa, mayi."

Mayi Zulfa anamuyang'ana nthawi yaitali, natseka kopelo.

Kumanda, Enock analanda khasu kwa mkulu wa adzukulu. Sanafufuze, sanafunse munthu. Analowa m'tchire molunjika, naima, nakhapa pansi kawiri. Kachitatu khasu linalira pamtengo wouma.

Adzukulu anayang'anizana. Enock anatembenukira kuphiri, misozi ikutsika, nayamba kuwerenga mapazi mokweza.