Makina a Apongozi

Ululu unamuyamba Gilson Chalwe Lolemba m'mawa, akunyamula katoni ya misomali m'sitolo ina ku Kamwala, mumzinda wa Lusaka. Unali kumunsi, ku tchende lakumanzere, malo amene mwamuna wongokwatira kumene satchula pagulu. Anzake atamupeza akusanza kuseri kwa sitolo, anati ndi mowa wadzulo. Iye sanatsutse, poti kuledzera n'kosavuta kuvomera.

Chinali chaka cha 1989. Kuchipatala dokotala wachinyamata anamupima, n'kupukusa mutu. Mwina ndi matenda chabe, mwina mtsempha wapotana ndipo magazi sakufika. Analemba kapepala.

"Muyende manje manje ku room ya scan. Lelo, osati mailo. Ngati magazi yavalika, tili chabe na ma-hours yang'ono kuti tiipulumuse."

Makina ounikira m'thupi anali amodzi okha, ndipo ankakhala kumbali ya amayi oyembekezera. Gilson anakhala pabenchi pakati pa mimba zisanu ndi ziwiri, mwamuna yekhayekha, thukuta lili kamukamu. Amayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Zimenezo anapirira. Kenaka chitseko chinatseguka, ndipo amene anatuluka kudzaitana wodwala anali Sisitala Helen.

Sisitala Helen anali mng'ono wa amayi a Febby, mkazi wa Gilson. Ndiwo anamulera Febby ku Chelstone amayi ake atamwalira, ndiwonso anakhala pampando wa mayi tsiku la ukwati. Apongozi enieni. Gilson anali asanadyepo nawo m'chipinda chimodzi. Akakumana nawo kumsika wa Soweto ankanyonyomala pambali pa milu ya tomato, n'kupereka moni ali patali. Ndiye lero awavulire buluku?

Anapinda kapepala, n'kunyamuka ngati munthu wofuna chimbudzi. Munthu wokolopa anamuuza kuti Lachinayi makinawo amagwira ndi bambo. Gilson anakwera minibasi ya ku Kabwata.

Kunyumba anauza Febby kuti adokotala ati apumule. Anamwa asipulini, n'kumathowa ndi kansalu kofunda. Lachitatu ululu unachepa, ndipo wachisoniyo anakondwa mpaka kuimba mluzu, osadziwa kuti mnofu ukafa umaleka kudandaula. Koma chotupa chinali chitakula ngati peyala. Febby atachiona anafunsa mafunso atatu okha, bodza lonse n'kugwa.

Lachinayi Febby anapita naye yekha kuchipatala, atamugwira pamkono. Bambo wamakina uja anali atapita ku Ndola kukaphunzira.

"Ba Gilson," anatero Febby pakhomo la chipinda cha makina, "mukathaba futi, ine nibwelela ku Chelstone. Nifuna bana, sinifuna ulemu."

Analowa. Sisitala Helen sanamupatse moni, iyenso sanawayang'ane. Anagona chagada n'kudziphimba kumaso ndi shati yake. Anamva mafuta ozizira, kenaka kachitsulo kakuyenda pang'onopang'ono, uku ndi uku. Anachita manyazi kwambiri moti ululu anauiwala. Asisitala anaitanitsa dokotala uja, ndipo awiriwo analankhulana Chingerezi chapansipansi.

Dokotala anamuchotsa shati kumaso, n'kumulozera kagalasi ka makinawo. Tchende lakumanja linkaoneka losalala, lotuwa bwinobwino. Lakumanzere linali ndi mawanga akuda ngati mbatata yoola.

"Iyi yafa. Magazi sanafike masiku yatatu. Tizachosa lelo. Inangu ili bwino, tizaimanga kuti nayo isazunguluke. Bana mungabale na imozi, koma manje mulibe spare." Anatembenukira kwa Gilson. "Pa Monday munayenda kuti?"

Kenaka dokotala anatuluka kukakonzetsa chipinda cha opaleshoni.

Anatsala awiri. Gilson anavala mwakachetechete. Sisitala Helen anali atamufulatira, akupukuta ndi kansalu kachitsulo kamene kanali katayera kale. Atalankhula, analankhula kwa makinawo, monga apongozi amalankhulira kwa khoma mkamwini ali pafupi.

"Pa Monday ninabaona pa bench, bapongozi banga. Twenty years pa nchito, ninaziba chabe na mwamene benze kuyendela. Pamene bananyamuka, nenze pa door." Anapinda kansalu kaja kawiri. "Nenze kufuna kubaitana. Ninamvela nsoni."

Gilson anayang'ana pansi. Mkwiyo unamugwira, koma panalibe njira yokwiyira apongozi imene anaphunzitsidwapo. Anawerama pang'ono, mmene chotupacho chinamulolera, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Zikomo, amai," anatero.